Zoyenera kuchita aneba pa maola 72 oyamba mayi kapena mwana akachitiridwa nkhanza

Chaka chilichonse kuyambira pa 25 November mpaka pa 10 December timavala masikipa olembedwa ndi kuguba kuti nkhanza zithe. Sindikutsutsa. Koma funsani anthu oguba aja kuti mwana wa aneba akagwiriridwa usiku ku Mbayani kapena ku Bangwe achita chiyani, ambiri ayankha kuti “tikauza amfumu”. Apa ndiye pamene tikuluza milandu, ndi miyoyo yomwe.

Wogwiriridwa ayambe wapita kuchipatala. Mankhwala oteteza ku HIV, a PEP, amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Mapiritsi oletsa kutenga pakati mwadzidzidzi nawo safuna kuchedwa, akapitirira masiku 5 palibenso chomwe angathandize. Masiku omwe banja limathera kudikira malume kuti abwere kuchokera kumudzi ndi omwewo omwe mankhwalawa amafuna. Kuno ku Blantyre tili ndi mwayi: ku chipatala cha Gulupu (Queen Elizabeth) kuli One Stop Centre komwe adotolo, apolisi, a zachisamaliro cha anthu ndi alangizi amapezeka pamalo amodzi. Musadikire kalata ya kupolisi kuti munyamuke.

Cholakwika chachikulu chimachitidwa ndi anthu achifundo. Amayi amathamangira kumusambitsa mwana ndi kuchapa zovala kuti achotse manyazi, osadziwa kuti akuchapa umboni. Ngati n'kotheka asasambe. Zovala zomwe anavala zikulungeni m'pepala louma kapena mu envulopu, osati m'jumbo, chifukwa pulasitiki imasunga chinyontho n'kuwononga zomwe adotolo akadapeza. Ngati wasamba kale, mupite naye basi. Ndipo musamufunse mafunso anthu khumi motsatizana. Mwana akafotokoza kambirimbiri amatopa, nkhani imayamba kusintha, kenako kukhoti amati akunama.

Kwa mayi yemwe amamenyedwa, lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 lili ndi zambiri zomwe sitizigwiritsa ntchito. Khoti la majisitireti likhoza kuletsa wankhanzayo kumuyandikira kapena kumuopseza, komanso likhoza kulamula kuti mayi ndi ana akhale m'nyumba, wotuluka akhale womenyayo. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti kholo la mayiyo, mchemwali kapena mchimwene wake, ngakhale wapolisi, akhoza kukamupemphera chitetezochi ngati mwiniwake akuopa. Mujambuleni mabala tsiku lomwelo, mameseji oopseza asafufutidwe, ndipo adotolo alembe zonse m'buku la kuchipatala. Ku Victim Support Unit, ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ya polisi ya Ndirande, Limbe kapena ina iliyonse, pepala limamveka kuposa misozi. Pa foni, 5600 ndi 116 ndi manambala aulere onenerapo za nkhanza.

Ankhoswe, ndimakulemekezani, ntchito yanu ndi yaikulu pa mikangano ya ndalama ya ndiwo ndi ya apongozi. Koma kugwirira ndi kuvulaza munthu ndi milandu ya boma. Kulandira mbuzi kapena ndalama kuti nkhani ithere pabwalo n'kugulitsa mwana, ndipo wolakwayo amakachitanso kwina. Mawu akuti “banja n'kupirira” asamanenedwe kwa munthu wotupa diso.

Milandu yambiri imafera panjira chifukwa cha ndalama. Mayi amakachotsa mlandu poganiza kuti bambo akamangidwa lendi alipira ndani, ana adya chiyani, ya minibasi yopitira kukhoti mlandu ukamaimitsidwa aitenga kuti. Ife timangoti “wamukhululukira yekha”. Magulu a banki mkhonde, a mvano ndi a chisoni amasonkha za maliro mwezi uliwonse. Aikeponso kathumba ka mayendedwe ndi ufa wa mwezi umodzi, asankhe anthu awiri omuperekeza tsiku lililonse la mlandu, ndipo agwirizane pasadakhale nyumba yomwe angakagone akathawa usiku.