Mababu ndinkangowanamizira, mbala inali mumphika wa nyemba

Anzanga, lero ndilape poyera. Kwa zaka ziwiri ndakhala wapolisi wa mababu m'nyumba mwanga muno pa Dedza boma. Mwana akangotuluka kuchipinda osazimitsa, ndinkakuwa mpaka aneba kumva: "Kodi mukuyesa ndimagwira ntchito kopanga magetsi ku Nkula ine?" Ana anafika pomawerengera pa babu limodzi la pabalaza, atatu onse mitu pamodzi ngati anapiye. Koma mayunitsi ankathabe mwezi ukangofika pa 19 kapena pa 20, mita n'kuyamba kakulira kake kaja kolowa mpaka m'mano.

Usiku wina mu Juni inalira phala litangoyamba kuwira, kenako mdima bii. Mufoni munalibe ngakhale tambala. Ndinayamba zanga zija za mababu. Mayi akunyumba anandisiya ndimalize, kenako anangoti, "Bambo, inu mumawerenga makwacha. Tawerengani mayunitsi." Ananyamula poto n'kutuluka kukakoleza mbaula, mthiko uli kukhwapa.

Mawu amenewo anandiwawa, koma m'mawa mwake ndinatenga kope lotsala la mwana wa Sitandade 6. Ndinayamba kulemba nambala ya pa mita kawiri patsiku, podzuka ndi pogona, komanso zomwe zachitika m'nyumba tsikulo. Ndinatembenuza chipangizo chilichonse kufuna kapepala kolembedwa mawatsi. Masamu ake ndi a kupulaimale: chinthu cha mawatsi 1,000 chikayaka ola lathunthu, yunitsi imodzi yapita.

Mababu anga ndi a LED, a mawatsi 9. Limodzi likayaka maola asanu tsiku lililonse, mwezi wonse silikwanitsa yunitsi imodzi ndi theka. Onse asanu ndi limodzi, mayunitsi pafupifupi 8 pamwezi. Ndiye kuti ana anga ndinkawasandutsa akaidi chifukwa cha mayunitsi 8. Pamene hotipuleti ya mawatsi 1,500, ikamaphika nyemba zouma maola atatu, imatha kumeza mayunitsi anayi tsiku limodzi. Ndipo amene amakonda nyemba m'nyumba muno, amene amafunsa katatu pa sabata kuti "lero kulibe nyemba?", ndi ine ndemwe.

Palinso china chimene sindinkachidziwa. Ife kuno tili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600, ndipo pamtunda wotero madzi amawira asanatenthe ngati a kunyanja, amawira pa madigiri pafupifupi 95. Nyemba yomwe yapsa kale ku Salima, kuno ikadali gwa. Kukhala ku Dedza nakonso kuli ndi msonkho wake.

Mbala yachiwiri ndi madzi osamba. Amene anagonako kuno mu Juni ndi Julayi akudziwa zomwe ndikunena: nkhungu itakuta phiri lonse, madzi a pampopi ngati akulumani. Palibe angasambe ozizira, ngakhale mwana womvera chotani. Kutenthetsa ndowa ya malita 20 kuti munthu asambe osanjenjemera kumadya pafupifupi yunitsi imodzi, kuperewera pang'ono. Ife tilipo asanu. Ndi mayunitsi pafupifupi anayi m'mawa uliwonse, pamwezi opitirira 100, munthu usanaphike n'komwe tiyi. Onjezerani simbi, yomwe aliyense ankayatsa payekha kusita malaya amodzi ali m'changu.

Babu limodzi lokha ndi limene linapezeka ndi mlandu. Kuseri kwa nyumba kunali babu lakale lija la mawatsi 100, lomwe tinalipeza polowa ndipo palibe ankalikumbukira. Maola 12 usiku uliwonse, mayunitsi 36 pamwezi, kuunikira khola lopanda nkhuku.

Maganizo anga ndi awa: ambirife bajeti ya magetsi timaipanga m'makwacha, ndipo n'chifukwa chake imatigwetsa. Munthu amati "ine ndimagula a K20,000" ngati kuti K20,000 ndi muyeso. Si muyeso. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mu 2023 momwemo MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, inavomereza kuti mtengo wa magetsi a ESCOM ukwere ndi 50.8 peresenti m'zaka zinayi, kuyambira ndi 18 peresenti. Ndiye kuti kukwera kwina kunalengezedweratu, sikubwera mobisalira. K20,000 yomweyo ikubweretsa mayunitsi ochepa chaka ndi chaka, koma mphika wa nyemba sunamve nkhani ya kwacha, ukufunabe mayunitsi ake anayi. Ukadziwa kuti nyumba yako imadya mayunitsi angati pamwezi, mtengo ukasintha umangochulukitsa, n'kudziwa usikuwo kuti udula pati. Ukamawerenga makwacha umangodabwa, n'kuyamba kusaka mfiti pakati pa ana ako.

Kopelo linandimasuliranso chinthu chomwe ndinkachiyesa chinyengo. Kugula koyamba pamwezi kumabwera ndi mayunitsi ochulukirapo, kwachiwiri ochepa, ndalama yomweyo. Chifukwa chake n'chakuti mayunitsi 50 oyambirira pamwezi amakhala otsika mtengo kwa ogula a pakhomo, otsatirawo ndi okwera. Apa ndimamvera chisoni anzanga a m'nyumba za lendi zomwe mabanja anayi ali pa mita imodzi. Mayunitsi 50 otchipawo amagawana anayi, ndipo mkangano wa kuti ndani ali ndi hita sutha chaka chonse. Eni nyumba, mita yapayokha si chinthu chapamwamba ayi, imasunga chibale.

Nkhani ya gasi nayo ili ndi zake. Titagula silinda ya makilogalamu 6 ndinayenda modzitama ngati ndagula galimoto. Gasi ndi wabwino, sindinama. Tiyi wa m'mawa amapsa mwana asanamalize kuvala yunifolomu, mapoto sada, ndipo magetsi akathima umadya nthawi yake. Amene anakhalapo mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, sangaiwale kufunika kokhala ndi moto wachiwiri. Koma gasi amachokera kunja, amabwera pa malole, amagulidwa ndi madola. Kwacha ikatsokomola, iye amadwala. Ndipo alibe mita yolira. Amangokusiya mwakachetechete, mpunga uli pakati.

Tsono timachita ziwiri. Tsiku lodzadzitsa timalemba deti pasilinda ndi choko. Ndipo Loweruka lililonse timaipachika pa kasikelo konga kamene amayezera kachewere pa Lizulu. Kulemera kwa silinda yopanda kanthu kunadindidwa kale pachitsulo chake, ndiye ungochotsera, chotsalacho ndiye gasi wako. Kasikelo komweko ndimapita nako kodzadzitsa. Sindikunena kuti alipo anandibera, koma munthu akaona wanyamula sikelo amayeza mosamala.

Pano malipiro akangolowa, tisanagule shuga, tisanaganize za ngongole ya ku banki m'khonde, timapatula ndalama imodzi yomwe mayi anaitcha "ya moto". Muli mayunitsi, muli gawo la gasi ngakhale silinda isanathe, muli makala. Kale zitatuzi zinkachokera m'matumba osiyana: mayunitsi ndinkagula ine, makala ankagula mayi pa ndalama ya ndiwo, timajumbo tating'onoting'ono tsiku ndi tsiku. Ine ndinkanyadira kuti ndachepetsa magetsi pomwe ndangokankhira ndalamayo m'mbale ya ana. Azibambo anzanga, ngati simudziwa mtengo wa kajumbo ka makala sabata ino, bajeti ya moto simukuidziwa, mukudziwa gawo limene limadutsa pafoni yanu basi. Ndalama ya moto ya Juni ndi Julayi timayamba kuiwonjezera kuyambira Malichi, chifukwa chisanu sichibwera mwadzidzidzi, kalendala imachita kunena.

Makalawo sindinasiye, ndisakunamizeni. Ndikudziwa kumene akuchokera. Ndimaona njinga zitasenza matumba mbandakucha, ndimamva za kutha kwa nkhalango ya Dzalanyama, ndipo mapiri omwe ndili mwana anali bii ndi mitengo pano ukutha kuwerenga miyala yake uli pamsewu wa M1. Zimandivuta mumtima. Koma ndimatopanso ndi anthu odzudzula mayi wogula makala ngati kuti wakana gasi mwadala, pomwe silinda ndi chitofu chake zikufuna ndalama yomwe iye saigwira pakamodzi. Ku Golomoti, m'boma lathu lomwe lino, kuli munda wa sola wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire ake, koma midzi yambiri ikuphikirabe pa mafuwa. Ife tinangochepetsa: tinagula chitetezo mbaula, ija yadothi yosadya nkhuni zambiri, madzi osamba timatenthetsa ndi zitsononkho ndi tinthambi ta mitengo yomwe tinadzala kumpanda, ndipo thumba la makala likutha mochedwa kusiyana ndi kale.

Nyemba tinazigonjetsa mosavuta moti ndimachita manyazi. Zimagona m'madzi usiku wonse. M'mawa ziwire pamoto kwa kanthawi, kenako poto wovundikira bwino amalowa mudengu lomwe mayi anayalamo bulangeti lakale, n'kumufunditsa ngati khanda. Pofika masana zafewa, kwatsala kungokazingira anyezi ndi tomato pa gasi. Timaphika zambiri kamodzi. Kusita ndi Lamlungu madzulo, zovala za sabata yonse, simbi ikatentha kamodzi. Babu la kukhola ndinalichotsa ndekha, ana akuonerera, ndipo wamkulu uja anafunsa mwaulemu wonse kuti, "Adadi, ndiye limeneli anasiya osazimitsa ndi ndani?"

Vuto latsala ndi apongozi anga, omwe abwera kuchokera ku Bembeke kudzakhala nafe mwezi uno. Iwo akuti nyemba zonyika sizikoma, zimamveka madzi, ndipo poto wofunda bulangeti sanamuonepo chibadwire. Dzulo ndabwera kuntchito ndapeza hotipuleti ili psuu, nyemba zikubwata, iwo akuwothera manja pambali pake. Ndinapereka moni, ndinafunsa za kumudzi, kenako ndinapita mwakachetechete kukaona mita. Mukope ndalemba kuti: Lachiwiri, mayunitsi 9, agogo.