Intavyu ya uhedi safuna woloweza

Aphunzitsi anzanga amene mukudikira kuitanidwa ndi a Teaching Service Commission, bungwe lolemba ndi kukweza aphunzitsi pa ntchito, maganizo anga ndi awa: ambiri amagwa pa intavyu ya uhedi chifukwa amakonzekera ngati akukalemba mayeso a ku TTC, sukulu yosula aphunzitsi. Amaloweza matanthauzo a utsogoleri, koma akafunsidwa za vuto lenileni la pasukulu amangozungulira.

Funso ngati ili silisowa: mphunzitsi wajomba masiku atatu osatsanzika, mutani? Mukangoti "ndimulanga" kapena "ndimuchotsa ntchito", mwadzigwetsa nokha, chifukwa mphamvu yochotsa munthu ntchito ahedi alibe. Yankho likhale ndi ndondomeko. Choyamba kalasi yake isagone, mupeze woigwirizira. Kenako muone time book, buku losainira pofika kuntchito, mumuitane pambali mumve chifukwa chake, mwina ndi maliro kapena matenda. Ngati palibe chifukwa chomveka, chenjezo lapakamwa, ndipo mulembe mu log book, buku la zochitika pasukulu. Akabwereza, kalata. Zikakanika ndi pamene nkhani imapita kwa a PEA, mlangizi wa sukulu za m'zoni yanu, iwo n'kuipititsa ku ofesi ya a DEM, yoyang'anira maphunziro m'boma lanu. Ofunsawo amamvetsera ngati mukudziwa pothera mphamvu zanu.

Pa ndalama ndiye pamene ambiri amatuluka thukuta. Dziwani kuti ndalama za SIG, zomwe boma limapereka zotukulira sukulu, zimatsata SIP, pulani ya chitukuko cha sukulu, ndipo SIP salembera muofesi nokha. Pamafunika a SMC (komiti yoyendetsa sukulu), a PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi), a Mother Group (gulu la amayi othandiza ana, makamaka atsikana, kuti asasiye sukulu), mafumu ndi ophunzira omwe. Fotokozani za makoteshoni, malisiti, stock book komanso kumata papepala poonekera mmene ndalama zayendera. Wina akati "ndalama ndizisunga bwino" basi, ofunsa amangoyang'anana.

Werenganinso Education Act ya 2013, National Education Standards za 2015 zomwe zilipo 26, ndi NESIP, pulani ya boma ya zamaphunziro ya 2020 mpaka 2030. Simukufunika kuzilakatula, koma mukamayankha za mtsikana amene watenga pathupi, tchulani kuti ndondomeko ya boma imamulola kubwerera kusukulu akabereka, ndipo nenani ntchito ya Mother Group pomulondola kwawo. Za chikwapu musayerekeze n'komwe kuziikira kumbuyo.

Manambala a pasukulu panu muwadziwe pamtima: ophunzira onse, anyamata ndi atsikana, aphunzitsi angati, angati anakhoza PSLCE, mayeso a Sitandade 8, zaka zitatu zapitazi, angati anasiyira panjira. N'zochititsa manyazi kufuna kutsogolera sukulu pomwe simukudziwa kuti Sitandade 1 ili ndi ana angati.

Mapepala enieni a MSCE ndi a uphunzitsi, makope ake, chitupa cha unzika ndi kalata yokuitanani, zonse mufayilo imodzi dzulo lake. Funso mukapanda kulimva bwino, pemphani alibwereze, musayankhe lina.