Chenjezo kwa makolo: mwana wa mayeso si katundu wa paulendo

Ndikulankhula ndi inu makolo anzanga amene mwazolowera kuti Lachisanu madzulo banja lonse likwere galimoto kukapitidwa mphepo kwina, n'kudzabwerera Lamulungu usiku. Chizolowezichi pachokha sichoipa, ndipo ine si munthu wodana ndi chisangalalo cha pabanja. Chimene chandiwawa n'chakuti ena mwa inu mukupitiriza maulendowa ngakhale pamene mwana wanu wa zaka 16 kapena 17 watsala ndi masabata owerengeka kuti alembe mayeso aakulu, ndipo simumufunsa n'komwe ngati mtima wake uli paulendowo.

Ndinaziona ndi maso angawa pa mwana wamkazi wa mlongo wanga. Polongedza, iye anaika mabuku atatu ndi makope ake pansi pa chikwama, zovala pamwamba, n'kutiuza kuti akawerengera komweko. Mumsewu anatsegula buku la masamu, koma asanamalize tsamba limodzi anayamba kumva nseru ndi chizungulire, chifukwa maso akakhala pa tsamba losasuntha pamene khutu lam'kati likumva kugwedezeka kwa galimoto, thupi limasokonezeka. Kumene tinafikira anagona chipinda chimodzi ndi ang'ono ake awiri, wailesi yakanema ili chilirire mpaka pakati pa usiku. Loweruka lonse anali pakati pathu, akumwetulira pojambulitsa zithunzi, koma ndinaona kuti ankangoluma zikhadabo ndi kuyang'anayang'ana wotchi. Tinafika kunyumba Lamulungu nthawi ya 11 koloko usiku, ndipo pamene tonse tinkapita kokagona, iye anatulutsa mabuku aja, amene sanawatsegule n'komwe kumene tinapita kuja, n'kukhala pa tebulo mpaka 2 koloko m'bandakucha. Bambo ake anati, "Wapumulatu bwino, mawa uyamba ndi mphamvu." Mwanayo sanayankhe kanthu.

Apa ndiye pagona vuto lenileni. Inu mumati mukumuchotsa nkhawa, pamene nkhawayo mwailongedza m'chikwama chomwecho, ndipo ikubwerera kunyumba itanenepa. Munthu amene akudziwa kuti ntchito ikumudikira sapuma chifukwa chongosintha malo ogona.

Mwina muganiza kuti masiku awiri si kanthu. Katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa m'chaka cha 1885 kuti munthu amaiwala mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyamba atangophunzira chinthu, ndipo kuti kubwereza pang'onopang'ono pa masiku osiyana kumakhazikitsa zinthu m'mutu kuposa kuziunjika tsiku limodzi. Kwa mwana wa sukulu, Loweruka ndi Lamulungu ndiyo nthawi yobwereza zimene aphunzitsi anathamanga nazo mkati mwa sabata, ndi yoyeserera mafunso a mayeso akale mosasokonezedwa. Mukamulanda masiku amenewa kanayi motsatizana, mwamulanda masiku asanu ndi atatu abwino kwambiri a mwezi womaliza, ndipo chotsala n'kuloweza mothamanga usiku woti mawa mayeso, kumene kumauluka munthu akangoona pepala.

Nkhani ya tulo ndiyo imandipweteka mtima koposa. Bungwe la akatswiri a za tulo la ku America, la American Academy of Sleep Medicine, linalangiza mu 2016 kuti achinyamata a zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10 pa tsiku. Pa msinkhu umenewu thupi limachedwa kutulutsa melatonin, timadzi tobweretsa tulo, choncho mwana sagona msanga ngakhale atafuna, komabe sukulu imamudzutsa m'mamawa. Ndi m'tulo momwemo mmene ubongo umasunga bwino zimene munthu waphunzira masana. Tsono inu mumamugoneka pabedi lachilendo mausiku awiri, kumufikitsa kunyumba usiku wachitatu ali wolefuka, kenaka Lolemba mukudabwa kuti akuodzera m'kalasi. Ena mwa anawa amayamba kudzilimbitsa ndi khofi kapena zakumwa zopatsa mphamvu, osadziwa kuti theka la caffeine, mankhwala othamangitsa tulo a m'zakumwazi, limakhalabe m'magazi patapita maola pafupifupi asanu, kotero kuti kapu ya madzulo imabanso tulo ta usiku wotsatira.

Ndipo zotsatira zikadzatuluka zosakoma, ndinu nomwe mudzayambe kukalipa kuti tinakulipirira fizi, tinakugulira chilichonse, unasowa chiyani. Walira mvula walira matope, anzanga. Simungakhale ndi zithunzi zokongola za pa Facebook sabata ndi sabata, n'kufunanso kuti mwana akhoze ngati amene anapatsidwa mpata wokonzekera. Chomvetsa chisoni n'chakuti ana ambiri olemekeza makolo sangathe kunena kuti ine nditsala, poopa kuoneka osayamika kapena kuwononga chisangalalo cha ang'ono awo. Kukhala chete kwawoko inu mumakuyesa kuvomera.

Pano ndichenjezenso aja a mbali inayo, amene akamva mawu anga athamangira kukatsekera mwana m'chipinda kuyambira m'mawa mpaka usiku. Zimenezonso n'kulakwa. Mwana wa mayeso amafunika kuwongola miyendo, kuseka ndi abale ake, kudya pamodzi ndi banja ndi kugona pa nthawi yake. Kuyenda kwa theka la ola madzulo kumamuthandiza kuposa ulendo wa maola asanu pagalimoto.

Tengani ndandanda ya mayeso, muipachike poonekera, ndipo maulendo ogona konko muwasunthire kutsogolo kufikira pepala lomaliza litalembedwa, pakuti malo amene mukufuna kukaonawo sathawa. Ngati ulendo sungalephereke, wamkulu mmodzi atsale naye pakhomo, kapena mupite m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Mumufunse ali yekha, osati pamaso pa ang'ono ake amene akudumphadumpha kale ndi chimwemwe, ndipo akanena kuti atsala, musamusungire chakukhosi.

Muzimuyang'anitsitsanso. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mmodzi mwa achinyamata asanu ndi awiri alionse a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto la m'maganizo, ndipo nkhawa yopitirira muyeso ndi imodzi mwa mavuto ofala pa msinkhuwu. Mwana akayamba kudandaula mutu ndi m'mimba pafupipafupi, kukana chakudya, kupsa mtima pa zinthu zazing'ono kapena kulira popanda chifukwa chooneka, musamuseke kuti ndi mantha a mayeso chabe. Khalani naye pansi, lankhulani ndi aphunzitsi ake, ndipo zikapitirira masabata angapo mupite naye kwa dokotala kapena kwa mlangizi wodziwa za maganizo.