Kamera ya pachisoti imaonetsa malo bwino, koma kuyeza imafuna thandizo

Pali funso limene anzanga okonda kuulutsa madroni akhala akundifunsa kawirikawiri, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiliyankhe kamodzi mofatsa. Funsolo ndi lakuti, kodi makamera ang'onoang'ono aja amene anthu amamangirira pa chisoti popalasa njinga kapena pachifuwa posambira, a mtundu wa GoPro ndi ena ofanana nawo, angajambule mapu ngati atakwezedwa m'mwamba pa droni, pa kaiti kapena pa baluni? Yankho langa ndi lakuti angathe, ndipo ine ndawayesa kangapo, koma mapu amene amatuluka ndi oonera malo osati oyezera malo, pokhapokha munthu atavomera kugwira ntchito yambiri pansi asanaulutse chilichonse. Ambiri amene makamerawa anawakhumudwitsa, anakhumudwa chifukwa chosasiyanitsa zinthu ziwirizi.

Chimene chimakopa anthu n'chodziwikiratu. Makamerawa ndi opepuka, ambiri safika magalamu 200, sawonongeka msanga akagwa, ndipo amatha kujambula okha chithunzi pa sekondi iliyonse kapena pa masekondi awiri alionse popanda munthu wodina batani. Droni yoyamba ya DJI Phantom, imene inatuluka mu 2013, inalibe kamera yakeyake, ndipo anthu ankaimangirira GoPro kunsi kwake, choncho ambiri amene anayamba kujambula mapu m'zaka zimenezo anayambira pomwepo. Komanso nzeru yokweza kamera wamba m'mwamba ndi yakale kwambiri kuposa droni. Arthur Batut anajambula tauni ya Labruguière ku France ndi kamera yomangirira pa kaiti mu 1888, ndipo George Lawrence anajambula mabwinja a San Francisco ndi makaiti chitachitika chivomezi cha mu 1906. Mu 2010 mafuta atatayikira m'nyanja ya Gulf of Mexico, anthu wamba anakweza makamera otsika mtengo pa mabaluni ndi makaiti n'kulumikiza zithunzizo kuti aonetse magombe amene anaipitsidwa, ndipo ntchito imeneyo ndi imene inabala bungwe la Public Lab. Sindikunyoza zipangizo zosalira zambiri ayi, ndimazilemekeza kwambiri.

Kuti vuto limveke, tiyambe ndi mmene zithunzi zimasandukira mapu. Kamera imajambula zithunzi mazanamazana zoyang'ana pansi, chilichonse chikutenga mbali yaikulu ya dera limene chinzake chatenga kale. Kawirikawiri timafuna kuti zithunzi zotsatizana zifanane ndi 75 peresenti kapena kuposerapo, ndipo za mizere yoyandikana zifanane ndi 60 peresenti kapena kuposerapo. Kenako pulogalamu ya pa kompyuta, kaya ndi Pix4D ya ku Switzerland, Agisoft Metashape kapena OpenDroneMap imene ndi yaulere, imafufuza timadontho todziwika monga ngodya ya denga kapena mwala woyera m'zithunzi zambiri. Poona mmene kadontho kalikonse kasunthira kuchoka pa chithunzi china kupita pa chinzake, imawerengera pamene kamera inali komanso kutalika kwa nthaka pamalo alionse. Masamu onsewa amadalira chinthu chimodzi, chakuti pulogalamuyo idziwe bwinobwino njira imene kuwala kunayenda kuchokera pansi kudutsa mu lenzi, lomwe ndi galasi la kamera, mpaka pa sensa, kachipangizo ka mkati mwa kamera kamene kamalandira kuwalako n'kukusandutsa chithunzi. Apa ndi pamene kamera ya pachisoti imavutira, chifukwa anaipanga kuti isangalatse maso, sanaipange kuti isunge mizere yowongoka.

Lenzi yake imaona dera lotambalala pafupifupi madigiri 120, ndipo kuti zonsezo zikwane pa sensa yaing'ono imapinda chithunzi, moti msewu wowongoka umaoneka ngati uta ukafika cha m'mphepete. Mapulogalamu amene ndatchulawa amadziwa kuwongola lenzi yotereyi, koma amachita kuyerekeza kuchuluka kwa kupindikako kuchokera m'zithunzi zomwezo, ndipo akaphonya pang'ono chabe, cholakwikacho sichioneka pa chithunzi chimodzi koma chimaunjikana pa mapu onse.

Izi zinandichitikira ine ndemwe ulendo wanga woyamba. Ndinaulutsa kamera pamwamba pa bwalo lamasewera losalala bwino, m'mizere yowongoka yoyandikana monga mmene ndinawerengera, kamera itayang'ana pansi ndendende. Kompyuta inagwira ntchito usiku wonse, ndipo m'mawa ndinapeza mapu okongola moti mizere yoyera ya pabwalo ndi mithunzi ya mapolo zinkaoneka bwinobwino. Chimwemwe changa chinatha nditatembenuza bwalolo pa kompyuta kuti ndilione cha m'mbali. Linali litatukumuka pakati ngati mbale yovundikira, m'mphepete monse mutagwera pansi, pamene ine ndinali nditayendapo dzulo lake ndipo panalibe chitunda chilichonse. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ndikanakhala kuti ndinkafuna kudziwa kumene madzi a mvula amalowera pamalopo, mapu amenewo akanandiuza kuti madzi amathawira mbali zonse, ndipo ndikanakhulupirira chifukwa chithunzicho chinalibe banga. Vuto limeneli ndi lodziwika kwa akatswiri, ndipo limachitika ngakhale ndi makamera abwino pamene zithunzi zonse zayang'ana pansi mofanana, koma lenzi yopinda kwambiri imalikulitsa. Mankhwala ake ndi kuuluka kachiwiri m'mizere yopingasa yoyamba ija, kuwonjezapo zithunzi zina kamera itapendekeka pang'ono, ndiponso kuika zizindikiro zoyezedwa pansi, zimene ndizifotokoza kutsogoloku.

Pali masamu osavuta amene aliyense ayenera kuwachita asananyamuke. Makamera ambiri a mtunduwu a zaka zam'mbuyomu, monga GoPro HERO4, ali ndi sensa yotambalala pafupifupi mamilimita 6 yokhala ndi mapikiselo (timadontho timene timapanga chithunzi) 4,000 m'mzere uliwonse, ndipo lenzi yake imasonkhanitsa kuwala pa mtunda wa pafupifupi mamilimita 3 (focal length). Zimenezi zikutanthauza kuti pakati pa chithunzi pikiselo imodzi imatenga gawo limodzi mwa magawo 2,000 a kutalika kumene kamera yauluka. Pa mamita 100, pikiselo imodzi ndi masentimita 5 a nthaka, ndipo pa mamita 50 ndi masentimita awiri ndi theka. Nambala zimenezi si zoipa, ndipo ndi zimene zimanyenga anthu, chifukwa zimagwira pakati pa chithunzi pokha. Cha m'mphepete kamera siyang'ananso pansi koma cham'mbali, pafupifupi madigiri 60 kuchoka pa mzere wolunjika pansi, ndipo pamenepo khoma lotalika mamita 3 limabisa nthaka yokwana mamita 5 kuseri kwake. Mitengo imaoneka ngati yagona, madenga amaphimba tinjira, ndipo pikiselo iliyonse imatenga nthaka yambiri. Choncho ngakhale chithunzi chojambulidwa pa mamita 60 chimatenga dera loposa mamita 200 m'lifupi, ine ndimadalira gawo lapakati lokha, ndipo mizere yanga youlukamo ndimaiyandikizitsa ngati kuti kamerayo ikuona dera laling'ono.

Vuto lachiwiri ndi lobisika kuposa loyambali. Sensa ya makamerawa sijambula chithunzi chonse nthawi imodzi, imachiwerenga mzere ndi mzere kuchokera pamwamba mpaka pansi. Tiyerekeze kuti kuwerengako kukutenga gawo limodzi mwa magawo 30 a sekondi, ndipo droni ikuthamanga mamita 10 pa sekondi. Pamene mzere womaliza ukuwerengedwa, kamera imakhala itasuntha masentimita oposa 30 kuchoka pamene inali powerenga mzere woyamba, kutanthauza kuti chithunzi chimodzi chajambulidwa kuchokera pamalo ambiri. Maso sangazindikire kalikonse, koma pa mapu amene pikiselo yake ndi masentimita 5, kumeneko ndi kulakwitsa mapikiselo 6. Mukawonjezapo kunjenjemera kwa mamota, mizere imayamba kuchita mafunde. N'chifukwa chake amene amajambula mapu ngati ntchito yawo anakonda kwambiri droni ya Phantom 4 Pro itatuluka mu 2016, popeza kamera yake ili ndi shutter yeniyeni, kachitseko kotseka ndi kutsegula kuti kuwala kulowe, komanso sensa yokulirapo ya mamegapikiselo 20, kutanthauza mapikiselo 20 miliyoni. Amene ali ndi kamera ya pachisoti chimene angachite ndi kuuluka pang'onopang'ono, kuika timipira toletsa kunjenjemera pomangirira kamera, kujambula kunja kukuwala bwino kuti shutter ithamange, ndi kutsegula gawo la pulogalamu lowongolera vuto limeneli ngati lilipo. Chodabwitsa n'chakuti baluni, imene ambiri amaiona ngati yachikale, imathandiza pa mfundo imeneyi chifukwa imayenda pa liwiro la munthu amene wagwira chingwe ndipo ilibe mota wonjenjemera, ngakhale kuti mphepo imaipititsa kumene ikufuna.

Chinthu chimene chimandinyong'onya ndi kuona munthu akujambula vidiyo n'cholinga chodzatolamo zithunzi. Chithunzi chochokera mu vidiyo ya 4K chili ndi mamegapikiselo opitirira pang'ono 8, pamene kamera yomweyo ikanapereka 12 kapena kuposerapo ikanajambula zithunzi zenizeni, ndipo vidiyo imafinyidwa kwambiri moti timadontho timene pulogalamu imafuna timafufutika. Choipa koposa ndi chakuti makamera atsopano amakhazikitsa vidiyo kuti isagwedere, monga HyperSmooth imene inabwera ndi HERO7 mu 2018, ndipo amachita zimenezi podula ndi kupotoza chithunzi chilichonse mosiyana ndi chinzake. Kwa woonera vidiyo zimenezi ndi zabwino, koma kwa pulogalamu ya mapu zili ngati kuti chithunzi chilichonse chajambulidwa ndi kamera ina. Zonse zokongoletsa ndi zokhazikitsa zizimitsidwe. Ngakhale kuwongola lenzi kumene kamera imachita yokha ine ndimakusiya, chifukwa ndi bwino kupatsa pulogalamu chithunzi chopindika mmene lenzi inachipindira n'kuiuza mtundu wa lenziyo, kusiyana ndi kuipatsa chithunzi chimene wina wachikonza kale mwa njira imene iyo siikudziwa.

Tsopano za pansi, zimene kwa ine ndiye mtima wa nkhani yonseyi. Makamera ena a GoPro ali ndi GPS kuyambira pa HERO5 Black ya mu 2016, ngakhale kuti HERO12 inatuluka yopanda ndipo HERO13 inabwezeretsa. Koma GPS ya mtundu umenewu imaphonya ndi mamita angapo, ndipo pa kutalika imaphonya kwambiri kuposa pamenepo. Imathandiza pulogalamu kusanja zithunzi msanga ndi kuika mapu pafupi ndi malo ake, basi. Wofuna kuyeza ayenera kuika zizindikiro pansi asanauluke. Ine ndimagwiritsa ntchito matabwa kapena nsalu zolimba zopakidwa penti wakuda ndi woyera mopingasa, zokula mokwanira kuti pakati pake paoneke bwino kuchokera m'mwamba, ndipo ndimazikhomera ndi misomali yaitali chifukwa chizindikiro chimene mphepo yachisuntha chimawononga kuposa chimene kulibe. Zina zimakhala m'ngodya za dera, china pakati, zina pamalo okwera ndi otsika, ndipo chilichonse chimayezedwa ndi chipangizo cha saveya (katswiri woyeza malo) chimene chimalondola mpaka masentimita ochepa. Ziwiri kapena zitatu sindiziuza pulogalamu, ndimazisunga kuti mapu akatuluka ndiyerekeze pamene iwo aziika ndi pamene zili zenizeni. Kusiyana kumene ndimapeza pamenepo ndi nambala yokhayo imene ndimaikhulupirira, osati lipoti limene pulogalamu imadzilembera yokha. Ntchito imeneyi imadya nthawi yambiri kuposa kuuluka, ndipo siisangalatsa aliyense, n'chifukwa chake ambiri amailumpha.

Wina anganene kuti ngati munthu ali ndi chipangizo cha saveya, ndiye kuti angathenso kupeza kamera yoyenera, ndipo kulimbana ndi kamera ya pachisoti n'kungodzivutitsa. Mfundoyi ndi yoona mbali ina, ndipo ine sindingalangize aliyense kugula kamera yotereyi n'cholinga chojambula mapu. Koma ambiri ali nayo kale m'kabati, ndipo pali ntchito zambiri zimene sizifuna kulondola kwa masentimita. Kuona kumene madzi osefukira anafika, kuwerenga nyumba kapena mitengo, kuonetsa mmene ntchito yomanga yapitira patsogolo mwezi ndi mwezi, kupeza mbali ya munda imene mbewu zikufota, kuphunzitsa ophunzira mmene zithunzi zimasandukira mapu, zonsezi kamerayi imazikwanitsa bwino. Pophunzitsa ndinganene kuti imaposa makamera abwino, chifukwa zolakwika zake ndi zazikulu moti wophunzira amaziona ndi maso ake n'kumvetsa kumene zachokera.

Pamene ndimakana ndi pamene mapu oterewa akufuna kuwagwiritsa ntchito posonyeza malire a malo a anthu awiri, powerengera kuchuluka kwa dothi limene wina alipiridwe pokumba, kapena pokonza ngalande imene kutsetsereka kwake n'kwa masentimita ochepa pa mtunda wautali. Pa ntchito zimenezi kulakwitsa kumene sikuoneka pa chithunzi kumadzaoneka pa ndalama, pa mkangano kapena pa madzi amene akana kuyenda. Munthu wina atandipempha mapu a malo ake kuti akaonetse mnansi wake pamene mpanda uyenera kudutsa, ndinamujambulira ndithu, koma pansi pa mapuwo ndinalemba tsiku, kutalika kumene ndinauluka, mtundu wa kamera, ndi mawu akuti panalibe zizindikiro zoyezedwa pansi ndipo za malire akafunse saveya wovomerezeka.