Bactrim wa pa okala ndi mwana wosadya

Ndinene maganizo anga, amene akwiye akwiye. Chizolowezi chathu kuno ku Mangochi chogula Bactrim pa okala ngati tikugula machesi chidzatimalizira ana.

Mwana wa mchemwali wanga, wa zaka ziwiri, anatsegula m'mimba mu Okutobala, kutentha kwa kunyanja kuno kuli pachimake. Agogo ake anatuma mnyamata pa okala, anabwera ndi Bactrim wa akuluakulu atakulungidwa m'kapepala, osalembapo chilichonse. Ankanyema piritsi ndi mano, kusungunula pa supuni, m'mawa, masana, madzulo. Mwana akukana phala, akukana ngakhale nthochi. Masiku awiri m'mimba mukulowa mankhwala ndi madzi basi.

Tsiku lachitatu m'mawa ndinamupeza ali lobodo pamkeka, thukuta lozizira lili nyechenyeche pachipumi, timanja tikunjenjemera. Agogo akuti, "Musamudzutse, thupi lazizira, ndiye kuti mankhwala agwira." Ndinamuitana dzina, maso akungotembenuka. Tinakwera kabaza wa njinga yamoto, mchemwali atamufungata pakati, ine pa ina kumbuyo.

Kuchipatala anamubaya chala, kamakina koyeza shuga m'magazi kanawerenga 2.1. Adokotala anatiuza kuti shuga wa mwana akatsika kufika pansi pa 2.5 ndi ngozi, ndipo kwa mwana wonyentchera malire ake ndi 3. Anamulowetsa madzi a shuga pa mtsempha. Sipanathe nthawi, uja timamuyesa wogona anayamba kulira, kufuna amake. Sindinayambe ndakondwerapo ndi kulira kwa mwana ngati tsiku limenelo.

Adokotala aja sanaloze chala mankhwala okha, ndipo inenso sinditero. Njala payokha imatsitsa shuga, malungo nawonso, kwinini ndiye amadziwika kale. Koma anatifotokozera kuti mu Bactrim muli mankhwala ofanana kapangidwe ndi mapiritsi ena amene odwala shuga amamwa, moti akhoza kukankha thupi kutulutsa insulini wochuluka, amene amatsitsa shuga m'magazi. Sizichitika kawirikawiri, koma mulingo ukapitirira, impso zikafooka chifukwa madzi atha m'thupi, mwana n'kukhala wosadya, mpata umakula. Nkhokwe ya shuga m'chiwindi cha mwana ndi yaing'ono, siichedwa kutha. Ndipo musaganize kuti ndi za ife osauka tokha. Ku Japan boma linachenjeza mu 2012 za maantibayotiki ena, monga cefditoren pivoxil, atagwetsa shuga mwa ana aang'ono mpaka ena kuchita njirinjiri.

Pano pasakhale wina wothamanga kukataya mankhwala. Ana obadwa kwa amayi amene ali ndi HIV amapatsidwa Bactrim yemweyu kuyambira pa masabata 6, ndipo amawateteza ku chibayo choopsa. Amene uja amaperekedwa atamuika mwana pa sikelo, mulingo n'kulembedwa m'buku. Wa pa okala amamuyeza ndani? Wogulitsa amangofunsa kuti mwabwera ndi zingati.

Chimene chimandiwawa n'chakuti timaphunzitsana za kumaliza mankhwala, koma za kudyetsa mwana wodwala timangoti akachira adya yekha. Ayi ndithu. Ngati akuyamwa, bere lisachoke. Ngati wakula, kaphala kothira shuga pang'onopang'ono, ngakhale masupuni atatu, usiku womwe. Ndipo anamwino anationetsa chinthu chimene ndikanakonda ndikanachidziwa m'mawa uja: mwana akafooka moti sangameze, osamuthira madzi kukamwa, angatsamwe. Tengani shuga pang'ono pa kasupuni, munyowetse ndi timadontho ta madzi, mumuike pansi pa lilime, kenako liwiro kuchipatala.

Agogo sitinawakalipire. Anachita zimene aona anthu akuchita moyo wawo wonse. Mapiritsi otsala aja anawatulutsa okha pa mfundo ya chitenje, n'kuwapereka kwa anamwino osayankhula kanthu.