Jekiseni yafika, koma ana athu amene anaphunzira udokotala ali pakhomo

Nkhani ya lenacapavir yandisangalatsa zedi abale anga. Jekiseni yobaya kawiri chabe pa chaka, pakapita miyezi 6 wabayitsanso, basi watetezedwa ku kachilombo ka HIV. Kafukufuku wake wotchedwa PURPOSE 1 anachitikira ku South Africa ndi ku Uganda, zotsatira zinatuluka mu 2024, ndipo mwa atsikana ndi amayi opitirira 2,000 amene analandira jekiseniyi palibe ngakhale mmodzi amene anatenga kachilombo. Amene tinali ndi maso zaka za m'ma 1990 tikudziwa kulemera kwa nkhani imeneyi, tinaona malole a maliro akutsatana kupita ku Chingwere ndi ku Leopards Hill, tinaika azakhali, amalume, anzathu a m'kalasi, nthawi imeneyo ma ARV anali a anthu a ndalama okhaokha. Ndiye wina akandiuza kuti Zambia inali m'gulu la maiko oyambirira mu Africa kuyamba kubaya cabotegravir mu February 2024, ija yobaya miyezi iwiri iliyonse, ndipo manje tikukamba za yobaya kawiri pa chaka, ine ndimathokoza Mulungu kuchokera pansi pamtima.

Koma pali chimene chikundiwawa ndipo ndichinena. Jekiseni siyenda yokha kupita ku Kanyama kapena ku Chawama. Pamafunika nesi woti abaye, pamafunika wina wa mu labu woti ayeze magazi kaye chifukwa munthu amene ali kale ndi kachilombo sayenera kulandira, komanso pamafunika wina woti afufuze ngati mtsikana uja anabwereranso itakwana miyezi 6, ndipo ngati sanabwere chinamuletsa n'chiyani, ndi ndalama ya minibasi, ndi mwamuna wake, kapena ndi manyazi poti pa kiliniki pamakhala aneba? Mafunso amenewa munthu wa ku London kapena ku Seattle sangatiyankhire. Oyankha ndi ana athu omwe, amene amadziwa mmene anthu amakhalira mu komboni, ndipo ambiri mwa iwo pano ali pakhomo ndi mapepala awo mu envulopu.

Anthu ambiri sadziwa kuti Lusaka yomwe ino inaphunzitsapo dziko lonse lapansi. Mu 2004 magazini ya The Lancet inasindikiza kafukufuku amene anachitikira pa chipatala chachikulu cha UTH, wotsogoleredwa ndi Pulofesa Chifumbe Chintu, dokotala wa ana. Anatsatira ana 534 amene anali ndi HIV, ena akumwa cotrimoxazole, ija timangoti Septrin, tsiku lililonse, ena ayi. Imfa zinatsika ndi 43 peresenti mwa amene amamwa. Mankhwala otchipa, opezeka kale pa shelefu, panalibe chodabwitsa chochokera kumwamba, panali anthu amene anafunsa funso loyenera n'kulitsatira mpaka kumapeto. WHO ndi UNICEF anasintha malangizo awo chifukwa cha zimenezo ndipo ana ambirimbiri mu Africa muno anakhala ndi moyo. A Chintu anatisiya mu 2017. Ine funso langa ndi lakuti, a Chintu a mawa tikuwaphika kuti, ndipo akudya chani?

Mwana wa mlongo wanga anamaliza udokotala, zaka zonse zija za kuwerenga usiku, banja lonse kusonkha, ena kugulitsa chimanga kumudzi ku Katete kuti fizi ikwane. Lero akugwira pa chipatala china ngati volontiya. Amalowa naiti, amaona odwala, amasoka mabala, mwezi ukatha palibe chimene chalowa mu akaunti, ya transipoti amapempha kwa amake. Tsiku lina ndinamufunsa kuti mwana wanga nanga za kafukufuku zija umazikonda uli ku sukulu zili pati, anangoti "amalume, munthu amene sakudziwa kuti renti achotsa kuti sangakhale pansi kulemba proposal." Ndipo ali ndi anzake ambiri otero, ena ayamba kale kulemba mayeso oti akagwire ntchito ku UK, ena akuyang'ana ku Botswana ndi ku Namibia. Sindiwadzudzula ayi. Koma ife talima munda, tapalira, tathira feteleza, pokolola akubwera ndi ena.

Zabwino ndizinena, boma linalemba ntchito anthu a zaumoyo 11,276 mu 2022, chinali chinthu chachikulu ndipo mabanja ambiri anapuma. Meal allowance ya ma student imene inachotsedwa mu 2019 inabwereranso mu 2023, amene ali ndi ana pa UNZA akudziwa kusiyana kwake. Masukulu a udokotala nawo achuluka, kale inali ya UNZA pa Ridgeway yokha, lero kuli Levy Mwanawasa Medical University pa Great East Road, kuli ya Copperbelt University ku Ndola, kuli ya Mulungushi ku Livingstone, kuwonjezapo za pulayiveti. Vuto ndi lomwelo, khomo lolowera talikulitsa koma lotulukira likadali laling'ono. Chaka ndi chaka akumaliza, chaka ndi chaka mzere wodikira ukutalika, pamene ku Lundazi kapena ku Chadiza mayi woyembekezera akuyenda mtunda wautali kuti apeze dokotala.

Nanga kafukufuku amene alipoyo amalipira ndani? Mabungwe ofufuza za umoyo monga CIDRZ, Zambart, TDRC ku Ndola, Macha uko ku Choma, onsewa agwira ntchito yotamandika, Zambart ndi amene anayendetsa PopART kuno kwathu, kafukufuku woyenda khomo ndi khomo kuyeza HIV amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019. Koma ndalama zambiri za ntchito zotere zimachokera kunja, ndipo tinaona mu January 2025 America itaimitsa thandizo mmene zinthu zinagwedezekera, anthu amene anagwira ntchito zaka zambiri m'mapulojekiti anangouzidwa kuti khalani kaye kunyumba. Kenaka mu May chaka chomwecho kazembe wa America, Michael Gonzales, analengeza kuti akudula madola 50 miliyoni pa chaka a mankhwala chifukwa mankhwala opatsidwa ulere amapezeka akugulitsidwa m'mafamasi. Apa ndiye sindingaloze chala kunja. Amene anaba mankhwalawo ndi anthu athu, amalankhula chinenero chathu, ndipo amene akuvutika ndi agogo a BP ndi mwana wa malungo amene akuuzidwa kuti kagule wekha.

Kolera nayo inatiphunzitsa zomwezo. Kuyambira October 2023 mpaka mu 2024 tinataya anthu opitirira 700, Heroes Stadium inasanduka chipatala, masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka February. Amene anagona pamenepo usiku akuika ma drip ambiri anali achinyamata omwewa, ena a volontiya.

Ine chimene ndikufuna kuona si chovuta kumva. Atsogoleri a mu Africa anagwirizana ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, bajeti zathu za zaka zaposachedwazi zili pansi pa pamenepo, tiyeni tiyandikire. Kulemba ntchito madokotala, manesi ndi a mu labu kukhale kwa chaka chilichonse ndipo chiwerengero chizidziwika pasadakhale, osati mwana amalize sukulu n'kukhala zaka osadziwa tsiku lake. Ndipo pakhale thumba la ndalama zathuzathu, za kwacha, zoti lekichala wachinyamata pa Ridgeway kapena wophunzira wa masters apemphe n'kufufuza zinthu zimene zikutipha ife, BP, shuga, khansa ya khomo la chiberekero, madzi a m'zitsime za ku Kanyama nthawi ya dzinja, ngakhale donor asakhale nazo chidwi. A MP anu akabwera ku ward kudzapereka ma cheke a CDF afunseni kuti pa nkhani ya madokotala a volontiya analankhulapo chani mu Parliament, ndipo akayankha mudzalembe apa timve tonse.