Malume odziwa zonse ndi botolo la espumante

Banja lililonse lili ndi malume amene "anagwirapo ntchito ku hotela". Lamlungu, 10 koloko m'mawa, ku Chingodzi. Alendo afika 11 koloko.

MALUME: Iwe Lurdes, mango onsewa ukusenda a chiyani? Kuli mwana wadwala?

LURDES: Ndi a chakumwa cha alendo, malume. Tisakaniza zipatso ndi espumante, vinyo wa thovu uja, timwere brunch, chakudya cha pakati pa kadzutsa ndi nkhomaliro.

MALUME: Hoo, zimenezo! Suntha. Ine ndagwira ntchito ku hotela kuno ku Nyungwe iwe usanamere mano. Mabotolo ali kuti?

LURDES: Mu firiji, chilowereni 6 koloko. Amafuna maola atatu kapena anayi kuti afike madigiri 6 mpaka 8.

MALUME: Tulutsa. Mowa wozizira umayambitsa chifuwa.

LURDES: Malume, panja pakuposa madigiri 40. Espumante ikafunda mpweya wake sukhazikika. Mukangotsegula, theka la botolo lisanduka thovu n'kuthera pansi.

MALUME: Ndiye ika mu firiza ichite msanga.

LURDES: Mukaiwala imauma, chitsekerero chimakankhidwa, mwina botolo kusweka kumene. Nthawi ikachepa kapena magetsi akathima, timatenga chidebe: theka ayezi, theka madzi, mchere dzanja limodzi, mphindi 30 basi.

MALUME: Mchere? Alendo amwe mowa wa mchere?

LURDES: Mchere ndi wa m'chidebe, kuti madzi azizire kwambiri. Botolo ndi lotseka.

MALUME: Ndimakuyesa. Ku hotela timatero.

(Apa atulutsa botolo limodzi mwakachetechete, akaliika pakhonde "kuti lipume". Musaiwale botolo limeneli.)

MALUME: Nanga sefayo? Ukusefa ufa?

LURDES: Zipatso. Muyezo wa botolo limodzi ndi uwu: mango awiri akupsa bwino, opanda ulusi, ndagaya mu blenda, akasefedwa amatsala 200 ml. Madzi a chinanazi 80 ml. Magalagadeya anayi, kuwapala ndi supuni n'kuwatikita pa sefa kuti njere zitsale. Kenako theka la ndimu. Zonse pamodzi ziposa pang'ono 300 ml, n'kuziika mu firiji zizizire mofanana ndi vinyo.

MALUME: Zotsala pa sefazo?

LURDES: Ana adya ndi supuni.

MALUME: Bwezera momwemo. Mowa wopanda masese ndi mowa?

LURDES: Kanjere kalikonse, kaulusi kalikonse, ndi pamene mpweya umagwira n'kutuluka. Mukasiya masese tambula imasefukira nthawi yomweyo, pakatha mphindi ziwiri mukumwa phala la mango.

MALUME: Phala ndi loipa? Unakulira chiyani ku Ulongwe?

LURDES: Phala, malume.

MALUME: Basi bwezera.

LURDES: Sindibwezera.

MALUME: Sukulu yakuwonongani. Ndimuyo chotsa, iwawasa.

LURDES: Ndimu ndi imene imadula kutsekemera kwa mango. Popanda iyo tambula yachiwiri munthu safuna.

MALUME: Palembedwa chiyani pabotolopa? Bru... bruto. Wagula yosapsa! Bweretsa shuga, masupuni asanu m'botolo.

LURDES: Mayo ine! Shuga wa mchenga mu espumante? Iphulika mpaka kudenga. Bruto ndasankha dala: shuga wake safika magalamu 12 pa lita. Ya meio seco, yotsekemerayo, imakhala ndi magalamu 32 mpaka 50, mukaphatikiza ndi mango zikhala zotsekemera zonyansa.

MALUME: Nanga chinanazi chikakhala chowawasa?

LURDES: Kapu ya shuga, kapu ya madzi, pamoto mpaka asungunuke, n'kusiya azizire. Kasupuni ka tiyi kamodzi kapena tiwiri mu zipatso. Mu zipatso, malume, osati mu vinyo.

MALUME: Ndi zomwe ndimanenazo.

LURDES: Munati m'botolo.

MALUME: Botolo la zipatso.

LURDES: Zipatso zili mu jagi.

MALUME: Usamatsutsane ndi mlongo wa mayi ako. Tsono thira zonse mu blenda, vinyo ndi zipatso, zidziwane.

LURDES: Blenda ithamangitsa mpweya wonse tinalipira ma meticais uja. Chivundikiro nacho chiuluka.

MALUME: Chabwino, mu beseni. Nditakasa ndi mthiko.

LURDES: Ayi. Tambula iliyonse payokha, ndipo mlendo atakhala kale pampando. Masupuni akulu atatu a zipatso pansi, ndiwo 45 ml. Kupendeketsa tambula, kuthira espumante pang'ono motsetsereka m'mbali, kudikira thovu litsike, n'kuwonjezera mpaka espumante yokhayo ikwane 100 ml. Supuni yaitali kamodzi kokha, kuchokera pansi kupita m'mwamba. Botolo la 750 ml limatulutsa matambula asanu ndi awiri.

MALUME: Anthu asanu ndi awiri botolo limodzi? Umenewo ndi mgonero wa kutchalitchi. Bweretsa makapu a pulasitiki aakulu aja.

LURDES: Tambula yaitali yopapatiza imasunga mpweya, chifukwa kukamwa kwake n'kochepa. Ndipo musaikhudze ndi manja mwadyera chiwindi cha mbuziwo. Mafuta ndi sopo wosatsukuluzika zimapha thovu.

MALUME: Manja angawa agwira matambula a azungu.

LURDES: Pukutani kaye.

MALUME: Ayezi ali kuti? Dzadza.

LURDES: Si inu mumati zozizira zimayambitsa chifuwa?

MALUME: Chifuwa cha botolo. Cha ayezi n'china.

LURDES: Ayezi amasungunuka n'kusukulutsa chakumwa, komanso amatulutsa mpweya. Ndaumitsa timabenthu ta mango mu firiza, kamodzi pa tambula. Kamaziziritsa, pomaliza munthu n'kudya.

MALUME: Mphamvu yake ndi zingati?

LURDES: Palembedwa 12 peresenti. Ikasakanizika ndi zipatso itsika kufika pa 8.

MALUME: Eyiti? Ameneyo ndi tiyi.

(Apisa dzanja m'thumba la jekete. Inde, jekete, ku Tete, mwezi wa Disembala. Atulutsa kabotolo ka kachasu wa masau.)

LURDES: Malume, si inu mkulu wa mpingo?

MALUME: Ndi wa dzino. Dzino limandivuta. Thira theka.

LURDES: Fungo la kachasu liphimba mango ndi magalagadeya onse. Amene amafuna mphamvu amathira ramu yoyera 10 ml pa tambula, osapitirira. Komanso chakumwa cha mpweya chimakwera m'mutu msanga, m'mimba mulibe kanthu, dzuwa ili. Mukufuna alendo agone pamkeka nyama isanapse?

MALUME: Kotala.

LURDES: Ayi.

MALUME: Chitsekerero chimodzi.

LURDES: Ayi.

MALUME: Kungonunkhiza.

LURDES: Bwezani m'thumba, dzino likudikira.

(Odi pageti. Alendo alowa, moni, mipando. Malume athamangira pakhonde, abwera ndi botolo lija. Lakhala padzuwa pafupifupi ola lathunthu, likutentha m'manja.)

LURDES: Limenelo mwalitenga kuti? Malume, ikani pansi! Ndikatenge la mu firiji.

MALUME: Kutsegula ndi ntchito ya mwamuna.

LURDES: Ndiye mverani. Chotsani pepala lonyezimira. Chala chachikulu pa chitsekerero, osachichotsa. Waya mupotokole kasanu ndi kamodzi. Botolo lipendekeke, kukamwa kuloze kopanda munthu. Gwirani chitsekerero, muzungulize botolo, osati chitsekerero. Chizingoti fyuu, pang'ono.

MALUME: Fyuu? Aneba adziwa bwanji kuti tagula espumante?

LURDES: M'botolomo muli mpweya woposa kawiri wa m'tayala la galimoto. Chitsekerero chimaboola diso.

MALUME: Mankhwala aliwonse amati khutchumulani musanamwe.

LURDES: Musakhutchumu...

(PHUU! Chitsekerero pa malata, kuchoka apo mu mphika wa nyama ya mbuzi. Thovu pa jekete, pa chitenje cha mlendo, pa galu. M'botolo mwatsala zala zitatu.)

MALUME: Botolo lachinyengo ili. Wagula kuti?

AZAKHALI: Bambo, mwatani apa?

MALUME: Ndikuphunzitsa mwana za ku hotela.

AZAKHALI: Hotela iti? Ija munali mlonda wa pageti?

MALUME: Geti si hotela? Mabotolo onse amadutsa pamaso panga.

AZAKHALI: Ali m'makatoni.

MALUME: Ndimawamva kulira kwake.

AZAKHALI: Miyezi iwiri yokha, n'kukuchotsani chifukwa chogona.

MALUME: Mayi, pali alendo.

(Lurdes atulutsa botolo lachiwiri mu firiji. Fyuu. Masupuni atatu atatu, kupendeketsa, kudikira, kuwonjezera, kabenthu ka mango. Alendo ndi khumi, botolo ndi la anthu asanu ndi awiri, ndiye aliyense alandira yoperewera. Ana apatsidwa zipatso zomwezo ndi madzi a mpweya ozizira. Yoyamba kutengedwa pathireyi yapita kwa mkulu wa mpingo.)

MLENDO: Koma izi ndiye zokoma! Wakonza ndani?

MALUME: Manja angawa. Mwanayu amangondipatsira zipangizo.

MLENDO: Muyezo wake ndi wotani, bambo?

MALUME: Muyezo... umayamba ndi mchere.

MLENDO: Mchere?

MALUME: Dzanja limodzi. Lurdes, auze zotsalazo, ndione ngati wagwira.

LURDES: Malume, supuniyo mukulowetsa m'botolo ndi ya chiyani?

MALUME: Chinsinsi cha ku hotela. Supuni pakamwa pa botolo, mpweya suthawa mpaka mawa.

LURDES: Supuni sitseka kanthu. Pamafunika chitsekerero chokanikiza cha espumante ndi firiji, ndipo ndi tsiku limodzi kapena awiri basi.

MALUME: Mawa udzaona. Mudzakhala momwe mulili muno.

LURDES: Botolo latha, malume. Mulibe kanthu.

MALUME: Ndiye ukutsutsa chiyani? Tenga lina lija lapakhonde, nalonso tiike supuni.

AZAKHALI: Zala zitatu zija mwamwa kale kuseri kwa nyumba.

MALUME: Dzino, mayi. Dzino.